Mmene mungakonzekerere kuthamanga m'phiri la Mulanje

Mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje wa Porters Race umachitika m'nyengo yozizira, kawirikawiri mwezi wa July. Umayambira pa Likhubula, m'munsi mwa phirilo, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya (malo awiri a pamwamba pa phirilo), n'kutsikiranso pa Likhubula pomwepo. Mtunda wonse ndi makilomita opitirira pang'ono 20. Poyamba unali wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira m'phirimo, koma masiku ano aliyense amaloledwa, amuna ndi akazi omwe. Akatswiri amamaliza patangodutsa pang'ono maola 2. Inu ndi ine tikhoza kutenga maola 4, 5 kapena kuposerapo, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Aliyense amene ndakamba naye za mpikisanowu amaopa chitunda. N'zoona kuti kuchokera pa Likhubula kufika ku Chambe mumakwera mamita pafupifupi 1,000 musanapume n'komwe bwinobwino. Koma chitunda chimangotopetsa, ndipo mukatopa mumayenda. Anthu amavulala potsika kuchokera ku Lichenya, miyendo itatha kale mphamvu, miyala ili yonyowa ndi mame. Choncho pokonzekera konse muzikumbukira kuti mukuphunzitsa miyendo kutsika.

Yambani pamalo athyathyathya. Ngati simunathamangepo chitulukireni sukulu, musayambe ndi phiri ayi. Tulukani katatu pa sabata, mphindi 30 ulendo uliwonse: thamangani mphindi 2, yendani mphindi 2, n'kumabwereza choncho. Sabata iliyonse muziwonjezera zothamanga n'kuchepetsa zoyenda, mpaka muzitha mphindi 30 zonse osaima. Liwiro loyenera mulidziwa motere: muzitha kucheza ndi mnzanu mukuthamanga, kumaliza chiganizo chonse osadukizadukiza ndi befu. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi, mwafulumira. Ambiri amaona ngati akuchedwa kwambiri akathamanga chonchi, makamaka anthu akamawayang'ana pamsewu. Musawasamale. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa, pomwe mafupa ndi minyewa ya m'mawondo ndi m'zidendene imafuna miyezi. Munthu amavulala pa nthawi imene chifuwa chikumuuza kuti angathe koma miyendo isanalimbe. N'chifukwa chake mtunda wa sabata ino usapose wa sabata yatha ndi gawo lopitirira limodzi mwa magawo 10, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzichepetsako dala kuti thupi lipezenso mphamvu.

Amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, kapena mwadutsa zaka 40 musanachitepo masewera olimbitsa thupi, pitani kaye kuchipatala akakuyezeni. Ndipo tsiku limene thupi latentha, kaya ndi malungo kaya chimfine chachikulu, musathamange, ngakhale ndondomeko yanu ikunena kuti lero n'lothamanga.

Mukafika pothamanga ola lathunthu osaima, mufunika miyezi ina 4 kuti mukonzekere phiri. Kwa wongoyamba kumene, ndiye kuti ulendo wonse uyambe chakumapeto kwa chaka kapena mu January, m'dzinja, kuti mu March mukhale mwayamba zitunda.

Zitunda zili paliponse ngati mukuzifuna. A ku Blantyre ali ndi Michiru, Soche ndi Ndirande. A ku Zomba ndi odala, chifukwa njira ya Potato Path imawatengera pamwamba pa phiri kuchokera m'tauni momwemo. A ku Lilongwe ndiye ayenera kuvutikirako: Loweruka akwere galimoto kupita ku Nkhoma, ku Bunda kapena ku Dedza, ndipo mkati mwa sabata agwiritse ntchito masitepe a nyumba yosanja, kukwera ndi kutsika kwa mphindi 20. Kumalo kopanda anthu ambiri muzipita awiri kapena atatu, osati nokha, ndipo foni ikhale yobisika.

Pokwera, phunzirani kuyenda mwamphamvu. Pamalo otsetsereka kwambiri, ngakhale othamanga odziwa amasiya kuthamanga, amawerama pang'ono, manja pantchafu chapafupi ndi mawondo, n'kumakankha phazi lililonse. Kuyenda kotereku kumasunga mphamvu ndipo sikuchedwetsa kwenikweni. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata: kwerani mphindi 5, tsikani pang'onopang'ono, bwerezani kanayi. Pakapita masabata, onjezerani mpaka kasanu ndi katatu.

Tsopano kutsika. Mukamatsika, minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya buleki. Imalimba uku ikukokeka, ndipo zimenezi zimang'amba timinofu ting'onoting'ono mkati. Simumva kanthu tsiku lomwelo. Ululu umabwera mawa lake, n'kufika pachimake tsiku lachiwiri, pamene kukhala pampando ndi kutsika khonde zimakhala zovuta. Ubwino wake ndi wakuti minofu ikachira imakhala yolimbirapo, moti mukadzatsikanso njira yomweyo patapita masabata 2 ululu umakhala wochepa kwambiri. Choncho muziyamba ndi kutsika kwa mphindi 10 pa njira yosatsetsereka kwambiri, n'kumawonjezera pakatha masiku 10 kapena 14 alionse. Kutsika kwakutali kotsiriza kuchitike kutatsala masabata 3 kuti mpikisano ufike.

Mmene mumatsikira ndi nkhaninso. Mantha amachititsa munthu kutsamira chagada, kuponya mwendo patali kutsogolo ndi kugwera pa chidendene bondo litawongoka. Apa m'pamene mumaterereka, ndiponso kugunda konse kumathera m'bondo. Mukadzafika ku Likhubula m'mawa, imani pambali pa njira muone amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Mapazi awo amaponda pafupipafupi, mofulumira, mawondo ali opindika pang'ono nthawi zonse, thupi lili chilili pamwamba pa phazi, maso ali patsogolo osati pa zala. Chitani chimodzimodzi. Yang'anani mamita 3 kapena 4 kutsogolo kuti musankhiretu popondapo, tambasulani manja m'mbali kuti musapepeluke, ndipo phazi lisakhalitse pansi. Thanthwe louma limagwira nsapato bwino ngakhale litatsetsereka. Loopsa ndi lakuda lonyezimira, lomera ndere, ndi mizu ya mitengo yonyowa. Pamenepo chepetsani liwiro, gwirani ndi dzanja, ngakhale kukhala pansi n'kukhwekhwereka ngati pafunika kutero.

Akakolo amalimba mukamathamanga m'tinjira tadothi ta mabampu, osati pa tala yekhayekha. Onjezerani izi kunyumba madzulo 2 pa sabata: kuima ndi mwendo umodzi kwa mphindi imodzi, kunyonyomala ndi kudzuka ka 15, ndi kutsika pa sitepe ndi mwendo umodzi pang'onopang'ono, mukuwerenga mpaka 4 phazi lisanafike pansi. Chotsirizachi ndimachikonda kuposa zonse chifukwa n'chimene bondo lidzachite kambirimbiri potsika ku Lichenya.

Za nsapato, ambirife timagula pa kaunjika, ku Limbe kapena pa msika wa Tsoka ku Lilongwe, ndipo kumeneko kumapezeka nsapato zabwino ndithu ngati mukudziwa choyang'ana. Musayambe ndi dzina kapena mtundu wa utoto. Itembenuzeni kaye muone kunsi. Nsapato ya m'phiri imakhala ndi mano akuya, otalikirana, a labala yofewerapo. Ya pa tala imakhala yosalala ndipo pa thanthwe lonyowa idzakugwetsani. Ngati mano aperepeseka mbali imodzi ya chidendene, mwini wake woyamba anaithera kale, isiyeni. Kenako tulutsani kansalu ka mkati, lowetsani chala chachikulu n'kudina pansi. Siponji yamoyo imabwerera. Yakufa imakhala ngati matiresi akale amene ukagonapo umamva thabwa, ndipo m'mbali mwake mumaoneka makwinya akuya. Nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800, ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano, ndiye musanyengeke ndi kuchapidwa bwino. Ipindeni: iyenera kupindika pamene zala zimapindikira, osati pakati. Kokani soli m'mbali monse kuti muone ngati inamatidwanso ndi guluu.

Kayeseni masana kapena madzulo, mapazi atatupako, mutavala sokosi zomwe muzithamangira. Valani zonse ziwiri, mangani zingwe, imirirani. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Gogodani nsonga pansi: ngati zala zikugunda kutsogolo, tengani yokulirapo. Potsika phazi limathamangira kutsogolo kambirimbiri, ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo mpaka kuzizula. Chidendene chokha ndicho chiyenera kugwidwa bwino, osavuka. Wogulitsa akakuuzani kuti idzatamuka, musavomere.

Mudzaona ena mwa anyamata a m'phirimo akuuluka pa miyala ndi nsapato zakutha, ena opanda nsapato n'komwe. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon (mpikisano wothamanga mtunda wautali) ya Olimpiki ku Rome mu 1960 ali wopanda nsapato. Mapazi amenewo anakula akuponda miyala kuyambira ali ana. Anu, amene akhala mu nsapato za ku ofesi zaka zambiri, asayesedwe choncho. Jombo za mpira nazonso ayi, chifukwa pa thanthwe sizigwira.

Sokosi za thonje zimasunga thukuta ndipo zimabweretsa matuza. Funani zoterera ngati za mpira, ndipo pakani Vaseline pakati pa zala, m'mphechepeche ndi m'khwapa. Nsapato ndi sokosi zimene mudzavale pa tsikulo zikhale zoti mwathamanga nazo kale maulendo ataliatali.

Ulendo wautali ndi wa Loweruka kapena Lamlungu. Uwerengeni ndi nthawi, osati makilomita, chifukwa m'phiri kilomita imodzi ikhoza kudya mphindi 20. Yambani ndi mphindi 90, muziwonjezera mphindi 15, mpaka mufike maola 3 ndi theka. Maulendo amenewa ndi pophunziriranso kudya. Mukapitirira ola ndi theka thupi limafuna chakudya, ndiye nyamulani nthochi, mbatata yophika kapena mtedza wokazinga wothira mchere, muzidya pang'ono mphindi 40 zilizonse musanamve njala. Madzi nyamulani anu. Mu lita imodzi mukhoza kusungunula masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndipo muzimwa pang'onopang'ono. Usiku wake idyani nsima ndi ndiwo zimene mimba yanu inazolowera, osati nyemba zambiri kapena chakudya chachilendo.

Ngati mungathe, pitani ku Mulanje kamodzi mpikisano usanafike, mukayende njirayo mosathamanga. Lembetsani pa ofesi ya za nkhalango pa Likhubula ndipo tengani wolondolera njira. Mudzamulipira, koma adzakuonetsani pamene anthu amaterereka ndi pamene njira zimasiyana, ndipo ndalamayo imathandiza banja la m'deralo. Tsiku limenelo m'pamene mungaime n'kuyang'ana khoma la Chambe, kuona minda ya tiyi ili m'munsi, ndi kuviika mapazi pa Dziwe la Nkhalamba pobwerera. Pa tsiku la mpikisano maso adzakhala pa miyala basi. Zinyalala zanu, ngakhale kapepala ka switi, mubwerere nazo.

Phirili limasintha nyengo mwadzidzidzi. M'miyezi yozizira chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, moti mukhoza kunyamuka pa Likhubula kuli dzuwa n'kupeza ku Lichenya simukuona munthu amene ali mamita 10 patsogolo panu. Mangani kajekete kopepuka m'chiuno. Nkhungu ikatseka ndipo simukuona njira, imani, dikirani wina, musayese kudula njira yachidule. Anthu asowapo m'phiri limeneli.

Masabata 2 otsiriza chepetsani kuthamanga ndi theka, gonani mokwanira, wengani zikhadabo kutatsala masiku 4 kapena 5. Pa tsikulo, gulu likanyamuka ndi liwiro lalikulu, lisiyeni lipite; ambiri mudzawapeza atagwira mawondo chitunda chisanafike pakati. Mukafika ku Lichenya, musanayambe kutsika, imani mphindi imodzi. Idyani nthochi, imwani madzi, kutumulani timiyala mu nsapato, ndipo mangitsaninso zingwe chapamwamba pafupi ndi akakolo kuti phazi lisaterere kutsogolo.