Tchuthi cha pachilumba: zoyenera kuyang'ana musanalipire

Mlongo wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester ananditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp: mchenga woyera mbee, mitengo ya kokonati, madzi oonekera mpaka pansi. "Achimwene, ndisankhe pati, Mauritius, Zanzibar kapena Maldives?" Ndinamuyankha kuti zithunzizo sizingamuthandize, chifukwa gombe lililonse limakongola likajambulidwa tsiku labwino. Zosankhira zenizeni ndi mapepala ake, mwezi umene akufuna kuyenda, ndi amayi kuno ku Blantyre amene akuwerenga masiku. Zimene ndinamuuza iyeyo ndikukuuzaninso inu nonse amene mwatopa ndi ntchito kunjako ndipo mukufuna kukapumako pamadzi.

Funso loyamba ndi ili: ndikatuluka m'dziko lino, adzandilola kulowanso? Kulowa pazilumbazi n'kosavuta. Ndi pasipoti ya Malawi simufunika viza ku Mauritius ndi ku Tanzania, dziko limene kuli Zanzibar. Ku Seychelles mumapempha chilolezo pa intaneti musananyamuke, ku Maldives amakudindirani masiku 30 pofika. Vuto limakhala pobwerera. Ku South Africa, kuyambira 2014, munthu amene wapyola masiku ake amaletsedwa kulowanso akangofika pachipata chotulukira: chaka chimodzi ngati wapyola masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapyola kuposa pamenepo. Ngati pemiti yanu inatha kapena mukudikira yankho, funsani odziwa malamulo musanagule tikiti. A ku UK, makadi a BRP, osonyeza chilolezo chokhalira m'dzikomo, anatha ntchito kumapeto kwa 2024. Onetsetsani kuti eVisa yanu, chilolezo cha pa intaneti chimene chinalowa m'malo mwa makadiwo, yalumikizidwa ndi pasipoti imene mukuyendera. Pasipotiyo ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Mukamayenda ndi mwana popanda kholo linalo, tengani chiphaso chake chakubadwa ndi kalata yachilolezo.

Chachiwiri ndi nyengo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Tchuthi chathu timachikonda mu Disembala chifukwa ndi pomwe makampani amatseka, ana atsekera sukulu. Koma kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe ku Mauritius ndi kugombe la Mozambique. Ife a ku Blantyre sitifunika kuuzidwa kuti namondwe n'chiyani. Freddy amene anagwetsa matope a phiri la Soche pa Chilobwe mu Malichi 2023 anali atadutsa kaye kumpoto kwa Mauritius mwezi wa Febuluwale. Sikuti Disembala aliyense kumakhala namondwe, ayi, koma mitengo imakhala itakwera kwambiri, ndipo ngati mwasankha nthawi imeneyi, lipirani chipinda chimene mungasinthe masiku ake popanda kutaya ndalama. Ku Zanzibar mvula yamphamvu imagwa Malichi mpaka Meyi. Mukaona hotelo yatsitsa mtengo modabwitsa mu Epulo, chifukwa chake n'chimenecho. Juni mpaka Okutobala ndiye nthawi yabwino kumeneko. Ku Mauritius m'miyezi yozizirayi gombe la kummawa, monga Belle Mare, kumawomba mphepo yambiri, pomwe Flic en Flac kumadzulo ndi Grand Baie kumpoto kumakhala bata.

Pali chinthu china chimene ife okulira pa nyanja ya Malawi sitichiganizira n'komwe: nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku. Alamu anga anapita ndi banja ku Paje, kummawa kwa Zanzibar, atadzuka m'mawa anapeza madzi athawira kutali, patsala mchenga wonyowa ndi amayi olima ndere. Ana analira, amayembekeza kusambira ngati ku Mangochi. Malowo ndi okongola ndithu, koma wofuna kusambira nthawi iliyonse asankhe Nungwi kapena Kendwa kumpoto. Kumbukiraninso kuti anthu a ku Zanzibar ambiri ndi Asilamu. Zovala zosambirira zithere kugombe. Mukamalowa mu Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, chitenje chija chikhale m'chikwama.

Za ndalama, mtengo woonekera pa foni si womaliza. Funsani kuti mkati mwake muli chiyani. Akati all-inclusive ndiye kuti chakudya chonse ndi zakumwa zambiri zalowa. Akati half board ndi kadzutsa ndi chakudya chamadzulo basi. Pachilumba chimene chili ndi hotelo imodzi yokha, monga zambiri za ku Maldives, mulibe kothawira: botolo la madzi mugula pamtengo umene atchule, ndipo ulendo wochokera ku Malé, likulu la dzikolo, pa boti kapena kandege kotera pamadzi nthawi zambiri umalipiridwa padera, ndalama zake si zamasewera. Ku Zanzibar, kuyambira Okutobala 2024, mlendo aliyense amayenera kugula inshuwalansi yakomweko ngakhale ali nayo ina. Ndipo chonde, musatumize ndalama kwa munthu wongomudziwira pa Facebook amene akuti akupezerani chipinda chotchipa. Lembani ku hoteloyo, akutsimikizireni okha, mulipire ndi khadi.

Tsopano ndinene zapamtima panga. Ambiri mwa inu muli ndi masabata atatu okha pa chaka. Mukawathera onse ku Mauritius, kumudzi amva ndithu, zithunzi zimayenda, ndipo mtima wanu sukhala m'malo. Mukawathera onse ku Ndirande kapena ku Chilomoni, mubwerera kuntchito mutatopa kuposa mmene munabwerera: mauthenga a maliro amene munaphonya, nkhani ya fizi, denga lodontha, aliyense akufuna kukuonani payekha. Kufuna kupuma si tchimo. Koma zilumba tili nazo kwathu konkuno, ndipo zimakulolani kuchita zonse ziwiri ndi tikiti imodzi yotsikira pa Chileka.

Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, mumafika ku Cape Maclear m'maola anayi kapena asanu. Pomwepo boti limakutengani kupita ku Mumbo kapena ku Domwe, zilumba zopanda midzi, mkati mwa Lake Malawi National Park imene UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Madzi ake ndi osalawa mchere, saphwa, ndipo mbuna zamitundumitundu zimakuzungulirani mukangoviika nkhope. Malo ake ndi amiyala ndi zitunda, agogo odwala mawondo angavutike. Likoma ndiye kutali koma kuli moyo wa anthu: milambe, asodzi, msika, ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903. Kuli malo ogona apamwamba ngati Kaya Mawa, kulinso otsika mtengo. Mungakwere kandege kuchokera ku Lilongwe kapena sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Ilala imadutsa kamodzi pa sabata kupita ndi kamodzi kubwerera, choncho siyani masiku awiri kapena atatu pakati pa tsiku lochoka ku Likoma ndi tsiku la ndege yanu. Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imakalipa. Sepitembala ndi Okutobala imagona.

Musanyozere malungo. Thupi lanu linkawadziwa muli kuno, koma mukakhala zaka kunja chitetezo chija chimatha, ndipo ana obadwira kunja alibiretu. Onanani ndi dokotala musananyamuke akupatseni mankhwala opewera, mugone m'neti, kaya ndi ku Likoma kaya ku Zanzibar. Mukasambira m'nyanja yathu, makamaka kufupi ndi midzi ndi mabango, kayezetseni likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muwauze adokotala akunjawo kumene munasambira, chifukwa paokha sangaganizire.

Mlongo wanga uja wasankha Sepitembala. Sabata yoyamba adzakhala kunyumba kulandira abale, yachiwiri tidzakwera Ilala pa Nkhata Bay ndi amayi, amene ndi a Anglican kuyambira ali mtsikana koma St Peter's amangoimva m'maulaliki. Iwo anafunsa chinthu chimodzi chokha: ngati kumalo ogonako amaphika nsima ya kampango. Ndawalembera eni malowo, ayankha kuti tidzangonena m'mawa.