Momwe mungachitire ulendo wa tsiku limodzi wokaona kambuku wa mizere ku Ranthambore

Ambiri a ife tikapita ku India, kaya taperekeza wodwala, kaya tapitira sukulu kapena kukaoda katundu, timangothera m'mizinda. Tikapeza kampata timakajambulitsa pa Taj Mahal, basi ulendo watha. Komatu ngati muli ku Jaipur kapena ku Delhi ndipo muli ndi tsiku limodzi lopanda zochita, mutha kukaona chilombo chomwe kuno kwathu timangochimvera pa dzina la timu ya mpira ya Mighty Tigers. Mu Africa muno chilombochi sichipezeka m'tchire ngakhale pang'ono. Tikamati kambuku kapena nyalugwe, kwathu kuno timanena wa madontho uja. Wa ku India ndi wa mizere yakuda pa ubweya wofiirira, ndipo wamphongo amalemera makilogalamu oposa 200. M'nkhani ino timutchula kuti kambuku wa mizere, pomwe wa madonthoyo akhala nyalugwe, chifukwa onse awiri amakhala m'nkhalango yomwe tikambeyi.

Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti India ili ndi akambuku a mizere pafupifupi 3,682, omwe ndi magawo atatu mwa anayi a onse okhala m'tchire pa dziko lapansi. Malo owasungira ndi oposa 50, koma pa ulendo wa tsiku limodzi ine ndingasankhe Ranthambore, m'boma la Sawai Madhopur ku Rajasthan. Njanji ya Delhi kupita ku Mumbai imadutsa pomwepo, tchire lake ndi louma komanso losathithikana, ndipo akambuku ake anazolowera galimoto moti amayenda masana dzuwa likuswa mtengo. Kale nkhalangoyi inali malo osakirako mafumu a ku Jaipur. Inalowa m'gulu la malo oyamba otetezedwa pansi pa ndondomeko ya boma yoteteza akambuku yotchedwa Project Tiger mu 1973, ndipo mu 1980 inakhala paki ya dziko.

1. Yambani ndi mwezi, osati tikiti ya ndege

Nkhalangoyi anaigawa m'magawo khumi. Magawo 1 mpaka 5, omwe ndi mtima wa paki, amatsekedwa nthawi ya mvula kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 30 Seputembala. Nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu: ife tikamaotha moto mu Juni, kumeneko kumatentha kodetsa nkhawa.

Kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale kumayendeka bwino, tchire limakhala lokongola ndipo mbalame zimachuluka, koma udzu umakhala wautali ndipo madzi amapezeka paliponse, choncho kambuku safunika kuyenda mtunda kuti amwe. Mu Epulo, Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 40, masamba amayoyoka, zithaphwi zimauma, ndipo nyama zonse zimasonkhana pa madzi otsala. Mwayi woona kambuku umakula nthawi imeneyi. Ngati munapirirako kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala, mungathe. Ngati mwatenga munthu yemwe wangotuluka m'chipatala, musamuzunze, sankhani miyezi yozizira.

2. Zikalata

Amalawi atha kufunsira viza ya India pa intaneti, komanso ku Lilongwe kuli ofesi ya kazembe wa dzikolo. Njira ya ndege yodziwika ndi yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo popeza Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko omwe India imawayang'anitsitsa pa matenda a yellow fever, tengani kakhadi kachikasu ka katemera. Pasipoti yomwe mwalowera m'dzikomo ndi yomwenso mudzagwiritse ntchito posungitsa malo a safari.

3. Kusungitsa mpando: apa ndi pomwe ambiri amaphonya

Ku Liwonde kapena ku Majete munthu umangofika pa geti, kulipira, n'kulowa ndi galimoto yako. Ku Ranthambore sizitero. Galimoto zolowa pa tsiku zili ndi chiwerengero, aliyense amakwera galimoto yovomerezeka ndi boma, ndipo m'galimoto iliyonse mumakhala wolondolera alendo wovomerezeka. Mipando imagulitsidwa pa tsamba la intaneti la nthambi ya zankhalango ya boma la Rajasthan, ndipo ya m'magawo otchuka imatha kudakali milungu kapena miyezi. Mukangodziwa masiku omwe mudzakhale ku India, sungitsani tsiku lomwelo. Onetsetsaninso kuti tsiku lanu silikugwera pa tsiku lopuma, chifukwa magawo amatsekedwa tsiku limodzi pa sabata mosinthana.

Galimoto zilipo za mitundu iwiri, zonse zopanda denga. Yaing'ono amaitcha Gypsy, imanyamula alendo 6. Yaikulu ndi Canter, yomwe ili ngati kalole koikidwa mipando, ndipo imanyamula anthu 20. Canter ndi yotsikirako mtengo, komanso munthu umakhala pamwamba n'kumaona kutali. Koma ndi yaphokoso, imachedwa kutembenuka, ndipo mwa anthu 20 sipalephera wina wolongolola pa nthawi yofunika bata. Ndalama zikalola, tengani Gypsy.

Za magawo, musamve mabodza a anthu ofuna kukugulitsani mpando wotsala. Magawo 2, 3 ndi 4 ndi omwe amalimbiranidwa kwambiri, makamaka gawo 3 lomwe lili ndi nyanja zing'onozing'ono za Padam Talao ndi Rajbagh, komwe mabwinja a nyumba zakale aima m'mphepete mwa madzi. Magawo 6 mpaka 10 ali kunja pang'ono, ena ndi amapiri ndipo geti lake lili patali. Akambuku aliko, ndipo tsiku lina amene apita ku gawo 6 amaona pomwe a ku gawo 3 abwerako chimanjamanja. Kambuku sadziwa kuti boma linalemba manambala.

Lembani dzina ndi nambala ya pasipoti monga momwe zilili, chilembo ndi chilembo. Pa geti amayerekeza chikalata ndi pasipoti yeniyeniyo, ndipo zikasiyana mumatsala pomwepo ena akulowa. Alendo ochokera kunja amalipira mtengo wokwererapo kuposa nzika za India, choncho wina akakuuzani kuti akulembetsani ngati nzika kuti mulipire zochepa, mukaneni. Khadi lanu la ku banki likakanika pa tsamba la boma, zomwe zimachitika ndi makhadi akunja, pemphani hotela yanu kapena kampani yoyendetsa alendo kuti ikusungitsireni, koma muuzeni akutumizireni chikalata cha boma chosonyeza dzina lanu, tsiku, gawo ndi mtundu wa galimoto musanamalize kulipira.

4. M'mawa kapena masana?

Safari imachitika kawiri pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse umatenga maola atatu kapena atatu ndi theka. Wam'mawa umayamba dzuwa likamatuluka, cha m'ma 6 kapena 7 koloko malinga ndi nyengo. Wamasana umayamba cha m'ma 2 kapena 3 koloko n'kutha dzuwa likamalowa.

Kuchokera ku Jaipur ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposerapo pang'ono pa galimoto, ndipo pa sitima ya pamtunda ndi maola awiri ndi kanthu kukafika pa siteshoni ya Sawai Madhopur, yomwe ili makilomita pafupifupi khumi kuchokera ku paki. Kuti mupeze safari ya m'mawa muyenera kunyamuka tambala woyamba asanalire, ndipo mukafika muli ndi tulo m'maso. Pa ulendo wopita n'kubwerera tsiku lomwelo, tengani wamasana. Nyamukani ku Jaipur cha m'ma 7 m'mawa kuti mukhale ndi nthawi yoona linga lakale la m'pakimo komanso kudya. Kuchokera ku Delhi n'kotheka, koma sitima imatenga maola anayi kapena asanu mbali imodzi, ndiye tsikulo limasanduka chintchito. Amene mungathe kugonako usiku umodzi m'mahotela a mu Ranthambore Road mupeza safari ziwiri, yamasana ndi ya m'mawa mwake, ndipo mwayi wanu uwirikiza. Musaiwale kukonza wotchi: India ili patsogolo pa Malawi ndi maola atatu ndi theka.

5. Zonyamula

Pasipoti, chikalata cha safari chosindikizidwa, madzi akumwa, chipewa, ndi kansalu kotchinga mphuno chifukwa fumbi lake ndi la mtima bii. Valani zovala za mtundu wa dothi kapena udzu wouma. Chitenje chowala chija chidikire ku hotela. Mu Disembala ndi Januwale mphepo ya pa galimoto yopanda denga imalowa mpaka m'mafupa, tengani juzi yokhuthala ngati mukupita ku Dedza mu Juni. Ngati muli ndi kamera ndi magalasi oonera patali, nyamulani, musadalire foni yokha. Malo ena osungira akambuku, monga Tadoba ku Maharashtra, analetsa mafoni m'kati mwa safari, choncho funsani lamulo la tsikulo musanakwere. Pitaninso kuchimbudzi musanalowe, popeza m'nkhalangomo saloleza kutsika paliponse.

6. Linga la pa phiri

Mukafika msanga, kwerani ku Ranthambore Fort, linga lakalekale lomwe lili pamwamba pa phiri m'kati mwa paki momwemo. Bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2013, pamodzi ndi malinga ena a ku Rajasthan. Masitepe ake ndi ambiri, koma mukafika pamwamba nkhalango yonse ndi nyanja zake zimaoneka pansi panu. M'lingamo muli kachisi wa Trinetra Ganesh, komwe mabanja a Chihindu amatumiza makalata oitanira mulungu wawoyo ku ukwati, ndipo a positi amakaperekadi. Povula nsapato vulani nanunso, ndipo chakudya chibiseni chifukwa anyani a kumeneko ndi akuba osaopa munthu. Yendani m'gulu ndipo musapatuke pa njira. Mu 2025 kambuku anapha mwana pafupi ndi njira ya kukachisiyu.

Mukatsika idyani msanga. Chakudya cha kwawoko ndi dal baati churma: timibulu ta ufa wa tirigu tootcha, ndiwo za mphodza, ndi zotsekemera pambali. Uzani ophika achepetse tsabola ngati m'mimba mwanu simunazolowere.

7. M'nkhalango: tsegulani makutu

Ku Liwonde njovu ndi mvuu zimangodzionetsa zokha m'mbali mwa Shire. Kambuku wa mizere amayenda yekha, ndipo akagona mu udzu wouma mutha kumudutsa pa mtunda wa mikono isanu osamuona. Amene amamuulula ndi nyama zinzake. Wolondolera wanu aziyang'ana mapazi pa fumbi la mu msewu kuti adziwe ngati ndi atsopano komanso alowera kuti, kenako auza dalaivala azimitse injini. Apa khalani chete, ngakhale kutsokomola kuyembekeze.

Chomwe akumvetsera ndi kulira kochenjeza. Anyani a nkhope yakuda otchedwa langur amakhala pamwamba pa mitengo, ndipo akaona chilombo amatulutsa mawu okhadzula ngati chifuwa chouma. Agwape a madontho otchedwa chital amalira mokweza ndi mawu akuthwa, koma iwowa ndi amantha, nthawi zina amadzidzimuka ndi zazing'ono. Amene olondolera amamukhulupirira kwambiri ndi sambar, gwape wamkulu wotuwa, yemwe amafuula kamodzi mwamphamvu ngati hutala ya lole uku akuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo. Sambar akalira kawiri katatu mbali imodzi, gwiritsitsani chitsulo, chifukwa dalaivala athamangitsa galimoto m'msewu wa miyala.

Kambuku akatulukira, musaimirire mwadzidzidzi, musamuitane, musawombe m'manja, ndipo kamera isang'anime. Dzanja lisatuluke kunja kwa galimoto, ndipo kutsika n'koletsedwa ngakhale chipewa chitagwa. Galimoto zina zikhamukira pomwepo ndipo pakhala kukankhana kosasangalatsa. Musakakamize dalaivala wanu kuti atsekere nyamayo njira pofuna chithunzi, iye ndi amene angalandidwe chilolezo. Jambulani pang'ono, kenako tsitsani kamera mumuone ndi maso. Funsani wolondolera kuti ameneyu ndi ndani, chifukwa mizere ya kambuku aliyense ndi yakeyake ngati zidindo za zala, ndipo ambiri ali ndi nambala yoyamba ndi T. Wotchuka kuposa onse anali wamkazi wotchedwa Machli, T-16, yemwe dzina lake limatanthauza nsomba chifukwa cha chizindikiro cha pa nkhope pake. Anajambulidwa akulimbana ndi ng'ona yaikulu mpaka kuipha, ndipo anafa mu Ogasiti 2016 atakalamba kwambiri. Akambuku ambiri a m'mbali mwa nyanjazi ndi ochokera m'banja lake.

Zimachitika ndithu kuti maola atatu amatha kambuku osaoneka, ndipo ndalama sabweza. Aliyense wokulonjezani kuti mukamuona mosakayika akungofuna chikwama chanu. N'chifukwa chake uzani wolondolera poyambirira kuti mukufuna kuonanso zina, apo ayi azingothamangira kambuku yekha. Muli ng'ona zoothera dzuwa, sambar atalowa m'madzi mpaka m'khosi kudya zomera, nguluwe, mphalapala za kumeneko zotchedwa nilgai, mapikoko ali mbwee ngati nkhanga, ndipo mwamwayi chimbalangondo chakuda kapena nyalugwe pa thanthwe. Pafupi ndi Jogi Mahal, m'mphepete mwa Padam Talao, pali mtengo wa banyan, m'bale wake wa kachere wathu, womwe uli m'gulu la ikuluikulu kwambiri m'dzikomo.

8. Pobwerera

Konzeranitu ndalama za rupee zing'onozing'ono zothokozera wolondolera ndi dalaivala. Si lamulo, koma ndi chizolowezi, ndipo mungafunse ku hotela kuti anthu amapereka zingati. Galimoto imatuluka pa geti dzuwa likulowa, ndiye ngati mukubwerera pa sitima sankhani yonyamuka patapita maola awiri kuchokera pa nthawi yotuluka, ndipo tikiti yake mugule tsiku lomwe mukusungitsa safari, chifukwa sitima za madzulo zimadzaza. Mu Disembala ndi Januwale nkhungu imachedwetsa sitima za kumpoto kwa India, choncho ndege yobwerera kumudzi musaiike m'mawa wa tsiku lotsatira.