Kudya ndi kukhala motsata nyengo: njira ya Ayurveda

Asing'anga a Ayurveda ku India amaphunzitsa kuti chakudya chimene chimakupatsani mphamvu kukamazizira chikhoza kukutupitsani mimba mvula ikayamba. Iwo amati moto wa m'mimba wogaya chakudya, umene amautcha agni, umakula ndi kuchepa malinga ndi nyengo. Malangizo a nkhaniyi amatchedwa ritucharya, ndipo ali m'mutu 6 wa gawo loyamba la buku lakale lotchedwa Charaka Samhita komanso m'mutu 3 wa Ashtanga Hridaya, buku la Vagbhata. Izi ndi nzeru za makolo a ku India, si mankhwala olowa m'malo mwa achipatala.

Amagawa chaka m'nyengo 6 za miyezi iwiriiwiri, iliyonse kuyambira pakati pa mwezi. Shishira, chisanu chakumapeto, chimayamba mu Januwale. Vasanta, nthawi imene mitengo imaphukira, mu Malichi. Grishma, dzuwa loswa mtengo, mu Meyi. Varsha, mvula, mu Julayi. Sharad, dzuwa lotuluka mvula itatha, mu Seputembala. Hemanta, chisanu choyamba, mu Novembala. Miyeziyi ndi ya kumpoto kwa India, ndiye musaiwerenge ngati lamulo. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata akatsata kalendalayi adzapezeka akudya zonona za m'chisanu mu Januwale mvula ili pakati. Muziyang'ana kunja. Juni ndi Julayi wa kuno ndiye akufanana ndi hemanta, Okutobala ndi grishma, ndipo dzinja lathu ndi varsha.

Muyenera kudziwanso zinthu zitatu zimene amati zimayendetsa thupi, zotchedwa ma dosha. Vata ndi yozizira, youma, yopepuka. Pitta ndi yotentha. Kapha ndi yolemera, yonyowa, yozizira. Iliyonse imaunjikana mwakachetechete m'nyengo ina n'kudzavuta m'nyengo yotsatira. Kapha imaunjikana m'chisanu n'kusungunuka kukayamba kufunda. Vata imaunjikana m'chilimwe n'kulusa mvula ikagwa. Pitta imaunjikana m'mvula n'kudzayaka dzuwa likatuluka. Choncho zimene mukudya lero zikukonzeranso miyezi iwiri ikubwerayo.

Chisanu ndicho chosavuta. Moto wa m'mimba umakhala waukulu, usiku utali, ndipo munthu amadzuka ndi njala. Idyani zokhutitsa: tirigu, mpunga watsopano, mkaka, ghee (mafuta oyengedwa kuchokera ku batala), msuzi wa nyama, zotsekemera za nzimbe, zowawasa ndi zamchere. Kusala kudya kapena kungodyera zopepuka nthawi imeneyi n'kulakwa, chifukwa amati moto ukasowa chogaya umayamba kudya thupi lomwelo, ndipo vata imakwera.

Iyi ndiyonso nyengo yodzola mafuta thupi lonse musanasambe. Thirani masupuni aakulu 3 kapena 4 a mafuta a chitowe m'kabotolo, muike m'mbale ya madzi otentha mpaka afunde. Yambirani kumutu ndi m'makutu, mutsike m'manja ndi m'miyendo, m'mfundo muzipaka mozungulira, mumalizire kumapazi. Dikirani mphindi 15 kapena 20 pamalo opanda mphepo, kenako sambani madzi ofunda. Kumutu musathire madzi otentha, amati amafooketsa tsitsi ndi maso. Osadzola ngati mwatentha thupi, muli ndi chimfine cha mamina ambiri kapena chakudya cha dzulo sichinagayike. Pukutani mapazi musanalowe m'bafa, mafuta amaterera.

Kukayamba kufunda, ambiri amalakwitsa popitiriza kudya ngati akadali m'chisanu. Zotsatira zake ndi chifuwa, mphuno zotseka, ulesi ndi kusamva njala. Chepetsani mafuta, mkaka ndi zotsekemera. Bweretsani balere, tirigu wakale, masamba owawa ndi zotentha m'kamwa monga jinja ndi tsabola wakuda. Madzi akumwa muwawiritse ndi jinja wouma, theka la kasupuni ka tiyi pa lita imodzi, kwa mphindi 10. Uchi ndi wabwino nyengo imeneyi, koma Ayurveda amaletsa kuuphika kapena kuuthira m'zotentha, ndiye dikirani madziwo azizire. Musagone masana. Limbitsani thupi, koma muzilekera pa theka la mphamvu zanu. Chizindikiro chake ndi thukuta pamphumi ndi m'khwapa, ndiponso kuyamba kupumira m'kamwa.

Dzuwa likafika poswa mtengo, tembenukirani ku zamadzimadzi, zozizirira ndi zotsekemera mwachibadwa: mpunga, mkaka, ghee pang'ono, zipatso zakupsa, madzi a mumtsuko. Tsabola, mchere wambiri, zowawasa ndi mowa zichepe kwambiri. Ntchito zolemetsa muzigwira mbandakucha. Ndi nyengo yokhayi imene mabuku amalola munthu wamba kugona masana.

Nyengo ya mvula ndiyo yofuna chisamaliro kuposa zonse. Thupi limalowamo litafooka kale ndi dzuwa, moto wa m'mimba uli pansi, ndiye chinyezi ndi mitambo zimangouwonjezera kufooka. Lamulo n'loti zonse zikhale zophika, zofunda, zopepuka. Mpunga ndi tirigu zikhale za chaka chatha, chifukwa zatsopano zimalemera m'mimba. Madzi a mumtsinje ndi oletsedwa, ndipo akumwa onse awire. Kugona masana kuleke. Zovala ziume bwinobwino musanavale. Ku Kerala, kumwera kwa India, mwezi wa Karkidakam, pakati pa Julayi mpaka pakati pa Ogasiti, anthu amamwa phala la mankhwala la mpunga wa njavara pofuna kubwezeretsa mphamvu.

Chakudya chimene mungadalire masiku amenewa ndi khichdi, mpunga wophika pamodzi ndi mphodza. Tsukani kapu 1 ya mpunga ndi theka la kapu ya mphodza zoswa, zochotsa makoko. Mumphika tenthetsani supuni yaikulu ya ghee, muthiremo kasupuni ka njere zokometsera chakudya zotchedwa cumin. Zikangoyamba kuthetheka, onjezani jinja wosinja wokula ngati mutu wa chala chachikulu ndi theka la kasupuni ka chikasu. Ponyanimo mpunga ndi mphodza, takasani kamphindi, thirani makapu 6 a madzi ndi mchere. Zikawira chepetsani moto, ziphike mphindi 25 mpaka 30 kufikira mphodza zitaphwanyika zokha. Zikhale zofewa ngati phala lolimbirako. Zimalakwika m'njira zitatu. Cumin akapserera, mphika wonse umawawa, ndipo n'kwabwino kungoyambiranso. Mphodza za makoko zikaphikidwa osaviika usiku wonse, zimadzaza mpweya m'mimba, chimene mumafuna kupewacho. Ndipo khichdi wogonetsa amalimba n'kulemera, choncho phikani wongokwanira tsikulo. Mukadya, tsitsirani ndi takra: gawo limodzi la chambiko, magawo anayi a madzi, kupukusa bwino, n'kuthira kamchere. Chambiko chokhachokha musadye usiku.

Mvula ikatha mitambo n'kuyera, dzuwa limaluma thupi limene lazolowera chinyezi, ndipo pitta imadzuka. Mudzaona kutentha pamtima, zidzolo, maso ofiira, kupsa mtima msanga. Siyani chambiko, zokazinga ndi kukhala padzuwa. Idyani mpunga, mphodza, masamba owawa ndi zipatso za ku India zotchedwa amla ngati zikupezeka. Mabuku amatamanda madzi amene aotha dzuwa masana n'kuzizira ndi mwezi usiku nyenyezi ya Agastya itatuluka. N'zokoma kumva, koma madzi osadalirika muziwawiritsabe.

Chimene ambiri amadumpha ndi malire a nyengo, otchedwa ritusandhi: masiku 7 omaliza a nyengo yopita ndi 7 oyamba a nyengo yobwera. Musasinthe zonse tsiku limodzi. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a zakudya zakale, muikepo zatsopano, papite masiku angapo, muchotsenso lina, mpaka masabata awiriwo atatha. Kusintha mwadzidzidzi kumabweretsa kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba ngakhale chakudyacho chili choyenera nyengoyo. Pa chakudya chilichonse, theka la mimba likhale la chakudya, gawo limodzi mwa anayi la zakumwa, lotsalalo lopanda kanthu. Mukadzuka lilime lili ndi zoyera zokhuthala, m'mimba muli ndwii, njala palibe, chepetsani chakudya ndipo mumwe madzi ofunda mpaka njala yeniyeni ibwerere.

Mabuku omwewa amanenanso za kusanzitsa m'nyengo ya vasanta, mankhwala olowetsa kumbuyo m'nyengo ya mvula, ndi otsegula m'mimba mu sharad. Zimenezi ndi ntchito ya sing'anga wophunzira, osayesa pakhomo. Odwala shuga asatengere malangizo a zotsekemera za m'chisanu, a kuthamanga kwa magazi asawonjeze mchere, ndipo mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi. Mankhwala ena a Ayurveda ogulitsidwa m'mabotolo apezekapo ndi zinthu zapoizoni monga mtovu, mercury ndi arsenic, choncho amayi oyembekezera ndi aliyense amene akumwa mankhwala a kuchipatala afunse dokotala asanagule.