Kuonera masamba awiri pambalipambali mu Vivaldi

Mwafunsa momwe mungaikire masamba awiri pa sikirini imodzi mu Vivaldi, bulawuza yotsegulira masamba a pa intaneti, kuti muziwerenga kuno mukulemba uko.

Zofunika musanayambe: kompyuta ya Windows, Mac kapena Linux, ndi Vivaldi yotengedwa pa vivaldi.com basi. Bulawuzayi inatuluka mu 2016 pansi pa Jon von Tetzchner, mmodzi mwa omwe anayambitsa bulawuza ya Opera, ndipo imayendera Chromium, maziko omwe bulawuza ya Chrome imayenderanso, choncho zowonjezera zambiri za Chrome zimagwiranso ntchito.

1. Tsegulani masamba onse awiri, lililonse mu tabu yake.
2. Dinani tabu yoyamba.
3. Gwirani Ctrl, kapena Cmd ngati ndi Mac, ndipo musaisiye mpaka mutadina tabu yachiwiri. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: akasiya batani msanga, bulawuza imangodumphira ku tabu inayo, ndiye palibe chosankhidwa. Onetsetsani kuti onse awiri aoneka osankhidwa.
4. Dinani ndi batani la kumanja la mausi pa imodzi mwa matabuwo n'kusankha Tile, kapena dinani kachizindikiro ka Page Tiling pa kamzere ka pansi penipeni.
5. Sankhani kagawidwe: choimirira, chopingasa, kapena timabokosi. Ine pa laputopu yaing'ono ndimakonda choimirira. Masamba anayi m'timabokosi zilembo zimachepa mpaka maso kuwawa.
6. Kokani mzere wa pakati ngati mukufuna tsamba limodzi likule.

Kamzere ka pansi kakabisika, dinani F2 (Cmd ndi E ngati ndi Mac), lembani "tile", lamulolo lituluka. Pobwerera mwakale, lembani "untile" momwemo.