Momwe mungayendetsere seva ya Luanti ndi kudziwa ngati ikuyenda bwino

Mu Ogasiti 2024 Sony inatulutsa gemu yotchedwa Concord. Pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, osewera nthawi imodzi sanafike 700, ndipo patangotha masabata awiri inatsekedwa, ogula n'kubwezeredwa ndalama zawo. Kwa kampani yaikulu ngati imeneyo, 700 ndi maliro. Koma taonani City of Heroes: NCsoft inaitseka mu 2012, okonda gemuyo anaidzutsa pa maseva awoawo, mpaka mu Januwale 2024 kampaniyo inapereka chilolezo ku gulu lina la okonda gemuyo lotchedwa Homecoming. Gemu ya anthu ochepa ili ndi muyeso wakewake. Ine ndimayendetsa seva (kompyuta yomwe osewera amalowapo kuti asewere limodzi) ya Luanti, gemu yokumba ndi kumanga zinthu ndi mabuloko, ndipo nazi zoyenera kuchita.

Yambani ndi anthu. Musanalipire kalikonse, pezani anzanu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mutsegule gulu la WhatsApp, mugwirizane tsiku ndi ola. Ife tinasankha Lachisanu ndi Loweruka madzulo. Anthu khumi olowa aliyense nthawi yake amapeza dziko lopanda munthu, n'kutuluka osabweranso. Anthu asanu olowa limodzi amakhala mudzi.

Sankhani gemu yopepuka. Luanti ndi yomwe inkatchedwa Minetest, anaisintha dzina mu Okutobala 2024. Anaiyambitsa Perttu Ahola wa ku Finland mu 2010. Ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale komanso pa foni ya Android. Ikani VoxeLibre kapena Mineclonia, magemu oseweredwa mkati mwa Luanti, ngati anzanu anazolowera Minecraft. Musaunjike ma mod (tizinthu towonjezera pa gemu): munthu akamalowa koyamba amakopera zithunzi ndi mawu onse a pa sevapo, ndipo bandulo yake ikathera pakhomo pomwepo simudzamuonanso.

Pezani VPS, ndiye kuti kompyuta yochita lendi pa intaneti yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku. Za kuyendetsa seva pa kompyuta ya kunyumba iwalani. Magetsi akathima nonse mwathima, komanso intaneti ya pa simu kawirikawiri salola kuti anthu akunja akupezeni ngakhale mutsegule port pa rauta. VPS yaing'ono imakhala pa madola 5 kapena 6 pamwezi. Sankhani ya ku Johannesburg ngati osewera anu ali kuno kumwera, chifukwa ya ku Ulaya imachedwa kuyankha: mwakumba mwala, mwalawo ukubweranso. Vuto ndi khadi yolipirira ndalama zakunja. Apa ndi pomwe akamberembere amadyera. Alipo amene amalengeza "VPS yotchipa, lipirani pa foni", koma akaunti ili m'dzina lawo, ndipo tsiku lomwe asowa amapita ndi dziko lanu lonse. Kuli bwino kupempha m'bale wa ku Joni kapena ku UK alipire, akauntiyo ikhale pa imelo yanu.

Ikani pulogalamu ya seva monga mwa nthawi zonse, lembani dzina lanu pa `name` mu minetest.conf, fayilo ya makonzedwe a seva, kuti mukhale admin (woyang'anira seva), tsegulani port 30000, khomo lolowera osewera, pa firewall (chitetezo cha VPS). Ndi UDP, osati TCP.

Musathamangire kulengeza. Apa ndiye mundimvetsere, chifukwa ndi pomwe ndinapsa. Mu fayilo yomweyo muli mzere wa `server_announce`. Mukaulemba `true`, seva yanu imaoneka pa mndandanda womwe aliyense wotsegula Luanti padziko lonse amauona. Tinali titasewera miyezi iwiri, anthu asanu ndi atatu, titamanga msika, mlatho ndi tchalitchi chomwe mnzathu wina anachimanga mausiku ambiri. Ine mtima unali pa nambala. Ndinkafuna kuona seva yodzaza, choncho ndinalengeza, n'kukweza `max_users`, malire a anthu olowa nthawi imodzi, kuchoka pa 15.

Alendo anabweradi. Sabata yoyamba ndinkasangalala kuona mayina atsopano. Chomwe sindinachiganizire n'chakuti mlendo aliyense akangolowa amapatsidwa `interact`, ndiye kuti mphamvu yokumba ndi kumanga paliponse. Usiku wina tili mtulo, wina anathira chiphalaphala cha moto padenga la tchalitchi chija, n'kuswa mabokosi a pamsika. Ndinalibe mod yoteteza malo. `enable_rollback_recording` sindinayatse, ndiye kunalibe njira yobwezera zomwe anaononga kapena kudziwa kuti anali ndani. Kope la dzikolo lomwe ndinali nalo linali la masabata atatu m'mbuyo.

Amene anamanga tchalitchicho sanakalipe. Analowa, anayang'ana, anatuluka. Anangosiya kubwera, ndipo awiri ena anamutsatira chifukwa ankabwerera iyeyo. Mwezi umenewo mayina olowa anali ambiri kuposa kale lonse, koma Lachisanu madzulo tinkapezeka atatu. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa anthu aja anandikhulupirira ndi ntchito ya manja awo.

Ndiye musanalengeze, chitani izi. Pa `default_privs`, mzere wa mphamvu zomwe munthu watsopano amapatsidwa, siyani `shout` yokha, mlendo azitha kulankhula ndi kuyendayenda basi. Mukacheza naye n'kuona kuti ndi munthu, lembani `/grant dzina interact`. Ikani mod ya areas, aliyense ateteze malo ake. Yatsani rollback. Alendo ambiri adzatopa n'kuchoka, ndipo asiyeni apite. Amene wadikira mpaka admin abwere ndi amene mumamufuna. Ngati gulu lanu lakukwanirani, osalengeza n'komwe.

Werengani zoyenera. Mu debug.txt, fayilo yomwe seva imalembamo zochitika, fufuzani mawu akuti "joins game", mudzaona amene analowa ndi nthawi yake. Chiwerengero cha mayina onse chisakutengeni mtima. Ine mwezi ukatha ndimayang'ana zitatu: pa ola lathu lija tinalipo angati, mwa omwe analipo mwezi watha abweranso angati, ndipo kodi anthu amalowa ine kulibe? Chachitatuchi ndiye chenicheni. Tsiku lomwe ndinapeza kuti anayi anasewera mpaka usiku ine ndili ku ukwati kumudzi, n'kumanga njanji osandifunsa, ndinadziwa kuti seva yachira. Onaninso ngati akale akuphunzitsa atsopano, komanso ngati pa WhatsApp pakukambidwa za gemuyo masana a Lachiwiri.

Ndalama. Gawanani mtengo wa VPS. Ikakwana popanda kukumbutsa munthu kawiri, muli bwino. Musagulitse zida za mu gemu.

Kope. Zimitsani seva, koperani foda yonse ya world kamodzi pa sabata, musunge kwina osati pa VPS pomwepo. Patsani munthu wachiwiri mphamvu za admin. Za ma mod atsopano, yesani pa kompyuta yanu kaye, ndipo musasinthe Lachisanu.