Mmene Mungasiyanitsire Mitengo ya Mthethe Yam'tchire Muli pa Ulendo

Aliyense amene wayendapo mtunda wautali m'madera ouma a mu Africa, ku Arabia kapena ku India amadziwa kuti mitengo ya m'gulu la mthethe imaoneka yofanana yonse munthu akamaiona ali m'galimoto yothamanga. Nthambi zake ndi zotambalala, masamba ake ndi ang'onoang'ono, ndipo mthunzi wake ndi wopyapyala moti udzu umamera bwinobwino pansi pake. Komabe mitundu yake ndi yoposa 1,000 padziko lonse, ndipo palibe mlendo amene angailoweze yonse. Chimene angathe ndi kuzolowera dongosolo la kayang'anidwe, kuti akaima pansi pa mtengo kwa mphindi zochepa adziwe poyambira. Dongosololi limayambira pa minga, osati pa kaimidwe ka mtengo wonse, chifukwa kaimidweko ndi kamene kamanamiza anthu ambiri: mtengo wamtundu umodzi umatha kukula wautali ndi wathyathyathya pamwamba pamalo ena, pomwe pamalo ena mbuzi, njovu kapena moto wolusa zimausiya uli chitsamba chabe.

Musananyamuke, dziwani kuti mabuku ndi zikwangwani za m'malo osungira zachilengedwe sizigwirizana pa mayina a sayansi. Kale mitengo yonseyi inkatchedwa Acacia, koma akatswiri a zomera atapeza kuti si yonse imene ili pachibale chenicheni, msonkhano wawo wa ku Vienna mu 2005 unagamula kuti dzinali likhale la mitengo ya ku Australia, ndipo msonkhano wa ku Melbourne mu 2011 unatsimikiza chigamulocho ngakhale kuti akatswiri ambiri a mu Africa anadandaula nacho. Kuyambira pamenepo mitengo yambiri ya mu Africa ndi ya ku Asia inagawidwa m'magulu awiri, Vachellia ndi Senegalia. Buku lakale likalemba Acacia tortilis ndipo latsopano likalemba Vachellia tortilis, mtengo wake ndi womwewo, choncho pofufuza gwirani mbali yachiwiri ya dzinalo, imene kawirikawiri sinasinthe. Kugawaku kuli ndi ubwino wake kwa woyenda, popeza magulu awiriwa amasiyana pa chinthu chimene diso limaona msanga.

Yandikirani nthambi yanthete, muigwire kunsonga mosamala, ndipo muyang'ane pamfundo pamene tsamba latulukira. Mukaona minga iwiri yowongoka, yoyera kapena yotuwa, itatuluka pamodzi m'munsi mwa tsambalo n'kuloza mbali zosiyana, mtengowo mwachidziwikire ndi wa gulu la Vachellia. Mukaona minga yaifupi yokhota, yakuda kunsonga, imene imakola malaya mukangoikhudza, ganizirani za Senegalia. Mukatero werengani mingayo, chifukwa chiwerengero chake chimanena zambiri. Senegalia senegal, mtengo umene umatulutsa utomoni wotchuka pa malonda a dziko la Sudan, uli ndi minga itatu pamfundo iliyonse, ndipo wapakati umakhotera pansi pomwe iwiri yam'mbali imakhotera m'mwamba. Senegalia mellifera ili ndi iwiri yokha, yokhotera pansi yonse, ndipo munthu amene wakodwa nayo ayenera kuima n'kudzimasula pang'onopang'ono mobwerera m'mbuyo, chifukwa akakoka amangodzing'amba. Senegalia ataxacantha, imene imakonda kuyanga pa mitengo ina, ili ndi minga yobalalika paliponse panthambi popanda dongosolo. Ndipo pali mtengo umodzi wodziwika kwambiri umene uli ndi zonse ziwiri pa nthambi imodzi, minga yaitali yoyera yofika masentimita 8 pamodzi ndi ina yaifupi yokhota. Umenewu ndi Vachellia tortilis, umene umaoneka pa zithunzi zambiri za malo osungira nyama a Serengeti ku Tanzania ndipo umapezeka kuchokera kumwera kwa Africa mpaka ku Arabia. Mtengo wotchuka umene unkaima wokha m'chipululu cha Ténéré ku Niger, mpaka galimoto inaugunda mu 1973, unali wa mtundu umenewu.

Pa nkhani ya minga pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Mtengo waung'ono, kapena nthambi zam'munsi zimene nyama zimadya kawirikawiri, zimakhala ndi minga yaitali ndi yambiri kuposa nthambi zam'mwamba zimene nyama sizifikako, ndipo mtengo wokalamba umatha kuoneka ngati ulibe minga n'komwe. Choncho musadalire kutalika kwa munga wokha, koma muyang'ane kapangidwe kake, ndipo muyang'ane nthambi zingapo musanagamule. Mukapeza minga yotupa patsinde n'kukhala chibulunga chakuda chokhala ndi kabowo, ndipo muli kum'mawa kwa Africa pa dothi lamakande lakuda, mtengowo ndi Vachellia drepanolobium. M'zibulungamo mumakhala nyerere zoluma zimene zimateteza mtengowo ku nyamalikiti ndi njovu, ndipo mphepo ikamawomba pa timabowoto pamamveka kulira kwa likhweru. Mukagwedeza nthambi pang'ono nyererezo zimatuluka nthawi yomweyo zitatukula mimba m'mwamba, choncho dzanja lisachedwe pamenepo.

Minga ikakupatsani gulu, maluwa amatsimikiza. Mitengo yambiri ya Vachellia ili ndi maluwa obulungira aubweya, achikasu kapena oyera, pomwe yambiri ya Senegalia ili ndi maluwa otalika angala, oyera motuwira. Lamuloli silikhudza mitundu yonse, koma limakwanira pa mitengo yambiri imene mungakumane nayo m'mbali mwa msewu. Mtundu wa duwa nawonso umathandiza: Vachellia karroo, Vachellia nilotica ndi Vachellia erioloba zili ndi maluwa achikasu chowala, pomwe Vachellia tortilis ndi Vachellia sieberiana zili ndi oyera. Vuto la maluwa ndi lakuti amakhalapo milungu yochepa pachaka, ndipo woyenda sasankha nthawi yofikira pamalo.

N'chifukwa chake makoko a njere ndi umboni wodalirika kwambiri kuposa maluwa, ndipo m'pofunika kuwapatsa nthawi. Amakhala mumtengo miyezi yambiri, ndipo ngakhale atagwa mumawapeza pansi m'udzu, malinga mutsimikize kuti agwa kuchokera mumtengo womwewo osati woyandikana nawo. Makoko a Vachellia tortilis ndi opiringizika, opotana okhaokha. A Vachellia nilotica ndi otsinika pakati pa njere iliyonse ndi inzake ngati mkanda, ndipo akakhwima amada n'kutulutsa fungo lokoma. A Vachellia erioloba, mtengo wa m'mchenga wa ku Kalahari ndi ku Namibia, ndi okhuthala, olimba, opindika mbali imodzi, ndipo akutidwa ndi ubweya wotuwa wofewa umene chala chimaumva msanga. Mukaligwedeza khoko louma njere zimalira m'kati. A Vachellia karroo ndi opyapyala, opindika pang'ono, ndipo amasweka ali mumtengo momwemo n'kusiya njere zikulendewera. Makoko a mitengo yambiri ya Senegalia ndi aphanthiphanthi, owongoka ndi opepuka. Onani ngati khoko limadzisweka lokha kapena limagwa lili lotseka, chifukwa mitengo ya makoko otseka imadalira nyama kuti zidye n'kukamwaza njere kutali, ndipo pansi pake mumapeza mapazi ndi ndowe za nyamazo.

Makungwa amathandiza kwambiri pa mitundu yochepa, koma pa mitundu imeneyo amathetsa nkhani mukadali patali. Thunthu losalala lachikasu chobiriwira, limene mukalisisita limasiya ufa m'manja, ndi la Vachellia xanthophloea, umene umamera m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja monga ku Naivasha ku Kenya. Azungu oyambirira kufika m'maderawo ankaganiza kuti mtengowu ndi umene umadwalitsa malungo, pomwe wolakwa anali udzudzu wa m'madambo omwewo. Vachellia seyal nayonso ili ndi ufa pakhungwa, koma wake ndi wofiira kapena woyera. Vachellia sieberiana ili ndi khungwa lotuwira chikasu limene limafunduka tizidutswa topyapyala. Senegalia nigrescens ili ndi ziphuphu zikuluzikulu pathunthu ndi panthambi, ndipo pansonga pa chiphuphu chilichonse pamakhala munga wokhota, ngakhale kuti mitengo ina yokalamba ziphuphuzo zimachepa.

Masamba amabwera pambuyo chifukwa ndi ovuta kwa wongoyamba. Tsamba limodzi la mthethe limagawika kawiri, ndipo zimene anthu ambiri amazitcha masamba ndi timasamba tating'ono chabe ta tsamba limodzilo. Werengani timagulu ta timasamba tingati tili pa tsamba, ndi timasamba tingati tili m'kagulu kamodzi. Senegalia nigrescens ndi yosavuta pamenepa, popeza timasamba take ndi tochepa, tobulungira, ndipo timafika masentimita 2 kapena kuposa, pomwe ta Vachellia tortilis ndi ta mamilimita ochepa okha. Kagalasi kokulitsa zinthu kamakuonetsaninso kotupa kakang'ono pa phesi la tsamba, kamene kamatulutsa timadzi totsekemera tokopa nyerere, ndipo malo ake paphesipo amalembedwa m'mabuku ozindikiritsa mitengo.

Malo ndi nyengo zimachotsa mitundu yambiri pa mndandanda musanatsike n'komwe m'galimoto. Senegalia polyacantha imakonda dothi lachonde la m'mbali mwa mitsinje, pomwe Vachellia erioloba imafuna mchenga wakuya, ndipo nthawi zambiri m'nthambi zake mumakhala zisa zikuluzikulu za udzu za mbalame zokhala m'magulu. Senegalia nigrescens imachita maluwa kumapeto kwa chilimwe masamba asanaphuke, moti mtengo wonse umayera uli mbee pakati pa tchire louma. Msangu, umene kale unkawerengedwa pamodzi ndi mitengo imeneyi koma tsopano uli pawokha ndi dzina lakuti Faidherbia albida, umachita zosiyana ndi mitengo ina yambiri: umayoyola masamba mvula ikamagwa n'kubiriwira m'nyengo youma. Umasokoneza chifukwa uli ndi minga yowongoka ya iwiriiwiri koma maluwa angala, koma timphukira take totuwa tokhotakhota ndi makoko ake ofiirira opindika mozungulira zimauulula.

Si mtengo uliwonse wa timasamba tating'ono umene ndi mthethe. Dichrostachys cinerea ili ndi minga imodziimodzi imene kwenikweni ndi nsonga za tinthambi, moti ina imakhala ndi masamba, ndipo duwa lake lolendewera ndi la mitundu iwiri, lofiirira kumtunda ndi lachikasu kumunsi. Mitengo ya Albizia ndi Leucaena mumaipeza yopanda minga panthambi zanthete, kupatula mitundu yochepa ya Albizia imene tinthambi take timasongoka. Prosopis juliflora, wochokera ku America, wafalikira kwambiri ku Baringo ku Kenya ndi ku Afar ku Ethiopia, ndipo umadziwika ndi makoko aatali achikasu ndi nthambi zowerama. Ku Ulaya ndi ku North America anthu angakulozereni Robinia pseudoacacia, koma masamba ake amagawika kamodzi kokha ndipo maluwa ake oyera amafanana ndi a nyemba.

Ku Australia dongosolo lonseli limasintha, chifukwa mitundu yambiri ya kumeneko, imene ndi pafupifupi 1,000, ilibe minga ya iwiriiwiri, ndipo ikakula ilibenso masamba enieni. Chimene chimaoneka ngati tsamba ndi phesi lophwatalala, ndipo mumasiyanitsa mitundu poyang'ana kutalika kwake, kupindika kwake ndi chiwerengero cha mitsempha yake. Acacia pycnantha, duwa la dziko la Australia kuyambira 1988, ili ndi mapesi otere opindika okhala ndi mtsempha umodzi waukulu. Acacia mearnsii yokha ndi ina yofanana nayo imasunga masamba ogawika kawiri, ndipo mungaipeze kutali ndi kwawo, monga ku South Africa kumene inabzalidwa chifukwa cha makungwa ake ofufutira zikopa n'kudzalowerera m'tchire. Mukaona mtengo wa masamba a mthethe wopanda munga uliwonse m'mapiri ozizira, uganizireni umenewu.

Zonsezi zimaiwalika msanga ngati simunalembe. Jambulani zithunzi zisanu pa mtengo uliwonse: mtengo wonse, khungwa, mfundo yokhala ndi minga, tsamba lathunthu litayalidwa pachikhatho, ndi duwa kapena khoko, ndipo pambali muike chinthu chodziwika kukula kwake monga cholembera. Lembani malo, tsiku, mtundu wa dothi ndi kuyandikira kwa madzi, komanso dzina limene anthu a m'deralo amautcha, pokumbukira kuti dzina limodzi limatha kutchulidwa pa mitundu ingapo. Mapulogalamu a pafoni monga iNaturalist amathandiza, koma akapatsidwa chithunzi chakutali amangoganizira, choncho apatseni minga ndi makoko. M'malo osungira nyama musatsike m'galimoto pamene malamulo akuletsa, ndipo musathyole nthambi kapena kutola njere. Zoyang'anira patali zimakwanira kuona makoko ndi khungwa. Musawoloke ndi njere malire a mayiko, chifukwa mayiko ambiri, makamaka Australia ndi New Zealand, amaletsa zimenezi ndipo amalipiritsa chindapusa. Ndipo ngati mwapeza gulu lokha koma mtundu weniweni wakukanikani chifukwa mtengowo ulibe maluwa kapena makoko, lembani Vachellia kapena Senegalia basi, n'kusunga zithunzizo kuti mudzazifananitse ndi mtengo wina wamtundu womwewo umene mungaupeze uli ndi makoko kutsogolo kwa ulendo.