Mmene ndinathetsera vuto la zikhadabo zakuda pothamanga

Loweruka timathamanga kukwera msewu wa Ku Chawe, paphiri la Zomba. Pokwera palibe vuto, koma potsika zala zinkagunda kutsogolo kwa nsapato, mpaka chikhadabo chinada n'kuthothoka. Ndinayesa masokosi awiri, zinangoipiraipira. Pulasitala ankamatuka ndi thukuta.

Ndinayamba ndi kuwenga zikhadabo. Kenako ndinagula nsapato zokulirapo pa kaunjika mumsika wa Zomba, madzulo phazi litatupa, zosiya mpata wa chala chimodzi kutsogolo.

Koma chinathandiza kwenikweni n'chingwe cha nsapato, chosalira ndalama. Kabowo komaliza kolowetsamo chingwe, kapamwamba kaja, ambirife timakasiya. Lowetsani chingwe m'menemo mbali yomweyo kuti chipange kakhutu, nsonga iliyonse muipitirize m'kakhutu ka mbali inayo, mukoke zolimba, mumange. Chidendene chimagwira nganganga, phazi silitereranso. Dzulo ndatsika mpaka kumsika osamva kuwawa.